Njira ya ku Walale: Opita ndi Otsala m'Dziko la Mwape

Dziko la Mfumu Mwape lili m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Nyimba, lomwe kale linali mbali ya Petauke. Wochokera ku Lusaka amayenda makilomita opitirira 300 pa Great East Road, kenaka n'kusiya phula, n'kutsetsereka ndi msewu wafumbi kulowa kumene kutentha kwa Okutobala kumagonetsa anthu pabwalo. Ndi dziko la Ansenga, ndipo mpando wake wa ufumu umadziwika kuti amakhalapo ndi amayi. M'boma lomwelo muli mafumu Luembe, Nyalugwe ndi Ndake, pamene kumtunda ku Petauke kuli Kalindawalo, mfumu yaikulu ya mtunduwu.

Kuchoka pamudzi si nkhani yachilendo m'chigwachi. Kwa zaka zoposa 150, mbadwo uliwonse watulutsa anthu amene anaika moyo pachiswe pofuna chinthu chimene mudzi sukanawapatsa: poyamba nsalu ndi mfuti, pambuyo pake ndalama ya msonkho, kenaka njinga, makina osokera ndi kasitolo. Aliyense wonyamuka ankasiya mawu a mitundu iwiri kumbuyo. Ena ankati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Ena ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'kosavuta kunena kuti oyambawo anali okoma mtima ndipo enawo anali ansanje, koma mbiri ya derali ikukana. Wolimbikitsa kawirikawiri anali amene adzalandire gawo ulendo ukayenda bwino, ndipo wodzudzula anali amene adzasenze katundu ukalephereka.

Oyamba kutamandidwa chifukwa cha kulimba mtima anali alenje a njovu. Pamene Luangwa amathira mu Zambezi pali Zumbo, malo amene amalonda a Chipwitikizi anakhazikikapo kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700. David Livingstone atadutsapo mu Januwale 1856 anapeza mabwinja, koma posapita nthawi malonda anadzukanso, ndipo Achikunda, otsogozedwa ndi anthu ngati Kanyemba ndi Matakenya, anayamba kukwera ndi mtsinje atanyamula mfuti, kusaka minyanga ndi akapolo. Kum'mawa nako kunali Angoni. Mfumu yawo Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, n'kukhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, ndipo mwana wake Mpezeni anadzabwereranso kudzamanga m'dera lomwelo. Mudzi wopanda mfuti unali pangozi, choncho mnyamata wophunzira kusaka njovu ankaoneka ngati mpanda wa abale ake.

Mfuti yake inali gogodera. Ankathira onga kukamwa kwa mfutiyo, n'kutsindira, n'kuponyamo chipolopolo chosula, ndipo ikalira kamodzi basi, kuitchera kachiwiri kunkafuna nthawi imene njovu yovulala sipereka. Ankayenera kuiyandikira kwambiri, mphepo ikuchokera kwa nyamayo. Onga ukanyowa ndi mame, mfuti inkangoti thapu. Njovu ikagwa, mnyanga wokhudza pansi unali wa mfumu mwini dziko, nyama inkadyetsa midzi, ndipo mlenje ankaimbiridwa ndi kuvinidwa. Koma masiku onse amene iye anali m'tchire, mkazi wake kumudzi ankayenera kudika. Njovu ikamponda mwamunayo, abale ankapita kukaombeza, ndipo funso loyamba linali la zimene mkaziyo anachita usiku umenewo. Ulemu unali wa wopita, mlandu unkasakidwa mwa wotsala.

Azungu nawo anabwera ndi juga yawoyawo. Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany amene ankagula minyanga kwa Mpezeni, anapeza chikalata cha malo mu 1891, ndipo mbiri inawanda ku London kuti dziko la Angoni ladzaza golide. Mu 1895 kunabadwa North Charterland Exploration Company, yomwe inadzitengera malo okwana masikweya mailosi 10,000. Mu Januwale 1898 asilikali ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Angoni, Nsingo mwana wa Mpezeni anaomberedwa mwezi wotsatira, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Golide wochuluka uja sanapezeke. Kamgodi ka Sasare, m'dera la Petauke, kanatulutsa wochepa chabe. Komabe mabuku a atsamunda ankawatcha anthuwa otsegula dziko, ndipo mtengo wa kulephera kwawo anaulipira ndi eni nthaka.

Mu 1901 boma la British South Africa Company linayamba kutolera msonkho wa nyumba, mashilini 3 pachaka. Ndalama yotere m'chigwa munalibe poipezera. Kashembe sankalola ng'ombe, ndiye panalibe khasu la ng'ombe kapena ngolo. Msika wa mbewu unali kutali, minyanga inali itatchingidwa ndi malamulo a boma, ndipo matenda a kaodzera, amene kachilombo kake kanadziwika mu 1910 kuchokera mwa munthu amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa, anachititsa boma kutseka njira zina ndi kusamutsa midzi. Wolephera msonkho ankagwidwa kukagwira ntchito ya boma, ndipo nthawi zina nyumba yake inkatenthedwa. Chotsala chogulitsa chinali mphamvu za m'manja, ndipo ogula anali kutsidya kwa Zambezi.

Umu ndi mmene njira ya ku Walale, kutanthauza ku Southern Rhodesia, inatsegukira. Anyamata ankatsika ndi Luangwa mpaka ku Feira, pomwe lero pali tauni ya Luangwa, n'kuoloka Zambezi, n'kudutsa dziko louma la kutsidyako kulowera ku mafamu a fodya ndi chimanga, ku Salisbury, ndi ku migodi monga Shamva, Cam and Motor, Globe and Phoenix ndi mgodi wa malasha wa Wankie. Unali ulendo wa masabata angapo wapansi, wa ludzu, mikango ndi achifwamba. Palibe ankanyamuka yekha. Ankapita m'gulu, kutsogolo kuli munthu amene anapitako kale, wodziwa pomwe pali chitsime, mudzi wolandira alendo, ndi famu ya mzungu wankhanza yoyenera kuilambalala.

Chilimbikitso cha masiku amenewo chinali chogwirika ndi manja. Amayi ankasinja ufa wa kamba, n'kumanga nsinjiro ndi nyama yofutsa. Amalume ankapereka nkhwangwa, fodya wosinthanitsa ndi chakudya panjira, ndi dzina la mbale wokafikira ku komboni. Agogo ankathira nsembe ya ufa kuti mizimu iperekeze mwana, ena n'kumutemera mankhwala a mwayi. Ndipo aliyense wa iwowa ankatchula chimene akuyembekezera: bulangete, chikhoti, nsalu, ndalama ya msonkho. Kamba uja anali ngongole, ngakhale palibe ankaitchula choncho.

Mu 1903 eni migodi ya ku Southern Rhodesia anakhazikitsa Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe lolemba anthu ntchito limene aliyense ankalitcha chibalo. Wolembedwa ndi bungweli ankapatsidwa chakudya panjira, koma ankamangidwa ndi pangano lalitali ndipo ankatumizidwa ku migodi imene anthu odzisankhira ankaithawa. Anzake omwe ankamunyoza kuti ndi kapolo. Wochenjera ankazemba olemba ntchitowo, n'kumagwira pang'ono pa famu iyi, kuthawa, kusintha dzina ndi chitupa, kusunthira kumwera kumene malipiro anali okwera, mpaka ena anakafika ku Joni. Charles van Onselen analemba mbiri ya moyo umenewu m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro.

Pamgodi mwezi sunkawerengedwa ndi kalendala koma ndi tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku limene kapitawo wakana kulemba linali lotayika. Phoso linali ufa wambiri ndi ndiwo zochepa, moti matenda otupa nkhama ndi chibayo zinkapha anthu chaka ndi chaka, ndipo chimfine cha 1918 chinasesa makomboni. Pafupi ndi komboni pankakhala sitolo, ndipo m'sitolomo munali mabokosi. Wantchito ankatenga bokosi pangongole, n'kumaikamo zimene wasankha mwezi ndi mwezi, nsalu ya mkazi, malaya a amalume, mbale, sopo, koma bokosilo linkakhala m'manja mwa mwini sitolo mpaka ngongole yonse itatha. Munthu ankatha kupita Lamlungu kukalitsegula, kuyang'ana katundu wake, n'kulitsekanso. Bokosi limeneli ndi limene mudzi unkadikira, ndipo ndi limene linkamangirira munthu pamgodi chaka china chimene sanachikonzekere.

Nanga odzudzula anali ndani? Ansenga amatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo mwamuna ankakhala chikamwini kwa mkazi wake. Mkamwini ndi amene ankagwetsa mitengo ya mphanje, kumanga nkhokwe, kufolera denga, ndi kugona pamsanja kumunda kupirikitsa njovu ndi nguluwe zikamalowa m'mapira. Kwa mnyamata, ulendo wa ku Walale unali mpumulo ku maso a apongozi ndiponso njira yodzagulira ulemu ndi nsalu m'malo mwa thukuta. Kwa mkazi wake, unali munda wosatsegulidwa, denga lodontha ndi ana odwala popanda wothamangira kwa sing'anga. Apongozi akamati mwana wa eni uyu wathawa khasu, sankanena zansanje. Ankawerenga nkhokwe. Akazi ankatulutsa madandaulo awo pamtondo, m'nyimbo zosinjira zimene mudzi wonse unkamva, ndipo zaka zikadutsa popanda kalata kapena ndalama, ankhoswe ankakhala pansi n'kumasula ukwati.

Amishoni nawo ankadandaula. A Dutch Reformed Church, amene anatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr mu 1914, ankaona sukulu zikutha anyamata ndi mabanja akupasuka. Koma sukulu zomwezo n'zimene zinkapatsa mnyamata kuwerenga ndi kulemba, zida zomupezetsa ukapitawo kapena ukalaliki kutsidya. Boma linkalankhula pawiri kuposa onse. Abwanamkubwa ankalemba malipoti odandaula za midzi yotsala ndi akazi ndi nkhalamba zokha, kwinaku akutumiza amesenjala kukatolera msonkho umene unkathamangitsa amunawo. Mu 1928 anthu ambiri a m'malo a North Charterland anapanikizidwa m'malo opatulidwa a anthu akuda, nthaka inatopa, ndipo opita anachuluka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, boma la Southern Rhodesia linali litayambitsa malole a Ulere, onyamula ofuna ntchito osalipiritsa.

Dzina lowawa kwambiri linali lakuti mtchona, munthu amene anapita n'kuiwala kwawo. Ena anatchonadi chifukwa anakwatira kumeneko n'kukhazikika. Koma ambiri anatchona chifukwa cha manyazi. Ntchito yatha, bokosi lalandidwa ndi mwini sitolo, ndalama zapita ndi matenda kapena mowa, ndipo munthu akaganiza zolowa m'mudzi chimanjamanja, ana akuthamangira kudzalandira katundu amene palibe, ankati ndiyeseko chaka china. Chaka chinkabala chinzake. Motero chitonzo chimene mudzi unkasungira wolephera, pofuna kuti ana ake azibwerera, ndi chomwe chinkawatsekera kunja. Nyimbo ya Nashil Pichen Kazembe ya m'zaka za m'ma 1970, A Phiri Anabwera, inagwira mitima m'Zambia monse chifukwa inkasimba za munthu wotere, wobwerera ndi sutikesi yopanda kanthu n'kupeza makolo anamwalira kale, ndipo kum'mawa kuno pafupifupi banja lililonse linali ndi a Phiri akeake.

Wobwera ndi katundu ankalandiridwa ndi nthungululu, mowa n'kufululidwa, bokosi n'kutsegulidwa pamaso pa abale. Vuto linkayamba tsiku limene iye wanena kuti ndalama zotsalazi sizogawa, ndi mpamba. Akagula makina a Singer n'kukhala pakhonde kusoka, mlongo wake ankabweretsa nsalu osayembekezera kulipira. Akatsegula kasitolo ka mchere, sopo ndi palafini, mbumba yonse inkatenga pangongole. Akakana, ankati wadzikuza. Akapitirira kulemera anzake akusauka, mphekesera inkayamba yakuti anakhwima, ndipo mwana akamwalira m'banjamo, ena ankati ndiye chizimba cha sitoloyo. Max Marwick, amene anafufuza pakati pa Achewa oyandikana ndi Ansenga chakum'mawa ndipo buku lake linatuluka mu 1965, anapeza kuti milandu yambiri ya ufiti inkabuka pakati pa abale a mbumba imodzi, osati pakati pa alendo. N'chifukwa chake ambiri ofuna kuchita malonda ankasamukira kumsewu kapena ku boma, kutali ndi abale, n'kulandira dzina la wodzikonda m'malo mwa la mfiti.

M'zaka za 1931 ndi 1932 malonda atagwa padziko lonse, migodi ingapo ya ku Copperbelt inatsekedwa, ndipo anthu zikwizikwi anabwerera kumidzi opanda kanthu. Mu 1933 ndi 1934 kunafika a Mchape kuchokera ku Nyasaland, anyamata ovala zachizungu, onyamula magalasi oonera mfiti ndi mankhwala a m'mabotolo, n'kumafoletsa midzi yathunthu kuti imwe. Pa nthawi imeneyi chala chinatembenuka. Amene ankalamulidwa kutulutsa nyanga ndi zithumwa kawirikawiri anali akuluakulu otsala pamudzi, ndipo achinyamata obwerera aja anapeza pofotokozera chifukwa chimene maulendo awo sanapindulire.

Akazi ofuna kudziyesera okha mwayi ankakumana ndi khoma lalitali kuposa apa. Mafumu atapatsidwa mphamvu zoweruza ndi kupanga malamulo cha m'ma 1930, maboma a mafumu ambiri m'Northern Rhodesia anagwirizana ndi atsamunda kuti mkazi asapite kutauni popanda chilolezo kapena mtchatho wa ukwati. Malole ankaimitsidwa panjira, akazi oyenda okha n'kutsitsidwa ndi kubwezedwa kwawo. Mwamuna wopita ankati akukasaka chuma, mkazi wopita ankati akukachita uhule. Ngakhale m'chigwa chozolowera kugwadira mfumu yaikazi, mtsikana wofuna kukafulula mowa kapena kukagulitsa ndiwo ku komboni ankachoka mozemba.

Njira nazo zinasintha. Mlatho woyamba wa pa Luangwa unamangidwa mu 1932, Lusaka inakhala likulu mu 1935, ndipo miyendo yambiri inatembenukira kumadzulo, ku njanji ndi ku migodi ya mkuwa. Ena analowa usilikali wa Northern Rhodesia Regiment n'kukafika ku Burma. Ian Smith atalengeza ufulu wa Southern Rhodesia mu 1965, njira ya kumwera inayamba kutsekeka, ndipo mlatho watsopano wa 1968 unamangiriza kum'mawa ku Lusaka. Otsala kutsidya anapitiriza kulipira. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa Wankie unaphulika n'kupha anthu 427, mwa iwo muli a ku Zambia ambiri. Ana ndi adzukulu a matchona, obadwira m'mafamu ndi m'makomboni a Zimbabwe, anachotsedwa pa ntchito mafamu atalandidwa kuyambira mu 2000, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko. Ena anayesa kubwerera atangogwira dzina la mudzi ndi la mfumu limene agogo awo ankatchula.

Panalinso ena amene anaika moyo pachiswe osachoka m'boma lawo. Kuyambira mu 1948 boma linayambitsa ndondomeko ya alimi odziimira, kuwakongoza ng'ombe ndi makasu ake kuti atuluke m'mudzi akalime pa malo awoawo, ndipo m'zaka za m'ma 1950 makopaletivu a Petauke anatchuka ndi malonda a mtedza. Izi zinatheka kumtunda kopanda kashembe. Mlimi wotere ankanenedwa kuti wathawa abale, ndipo ankadziwa kuti akamwalira, ng'ombe ndi ngolo zidzakanganitsa ana ake ndi ana a mlongo wake. Kuchigwa, mwayi wotsala unali mfuti, koma ntchito imene inkavinitsa agogo inali itasanduka mlandu wopita nawo kundende. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo limagwiranso ntchito ku Nyimba, limalandira mfuti ndi misampha kwa alenje n'kuwaphunzitsa ulimi wa mtedza, soya, mpunga ndi njuchi, n'kumagula zokolola zawo. Kwa munthu amene dzina lake lonse linali m'tchire, kupereka gogodera n'kudalira ming'oma ya njuchi ndi ulendo wina wosadziwika mathero ake.

Lero basi ikaima pa Nyimba, mawindo amadzaza nthochi, ndipo pa mlatho wa Luangwa pali nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Ogulitsa ambiri ndi amayi, ndipo ena mwa iwo amakwera malole usiku ndi matumba a mtedza kapena mikoko ya nthochi kupita ku msika wa Soweto ku Lusaka, pa msewu womwe agogo awo aakazi ankatsitsidwa. Mpamba amautenga ku chilimba kapena ku banki ya m'mudzi, kumene anzawo amawalimbikitsa chifukwa ndalama zawo zili momwemo. Lole ikafa panjira masiku awiri, nthochi zimapsa n'kuonongeka, ndipo ngongole imatsala. Foni yachepetsa utchona, popeza wopita sangabisale ndipo ndalama imafika tsiku lomwelo pa Airtel kapena MTN, koma yafupikitsanso nthawi yopirira: kale mudzi unkadikira bokosi zaka ziwiri, pano umafunsa sabata isanathe. M'makomo ena amene amatsala ndi ana, mbuzi ndi munda ndi bambo, ndipo madandaulo akuti kuyendayenda kumapasula banja, amene kale ankamveka pamtondo, tsopano akumveka pa bawo ndi pa bwalo la ankhoswe, akuchokera kwa amuna.